Mfuti ya Achimwene Pageti la ku Lang'ata

Achimwene anga anafika ku Nairobi pa njinga yakapalasa. Ndikamafotokoza nkhaniyi ndimayambira pamenepa, chifukwa anthu amathamangira kufunsa za mfuti, za apolisi ndi za kukhothi, n'kuiwala kuti munthu wa imvi mutu wonse ananyamuka ku Kasungu, n'kudutsa Tanzania yense, mpaka kudzaima pakhomo panga ku Lang'ata. Mpaka lero ndikaganiza za mtunda umenewo ndimadabwabe.

Chinawabweretsa chinali chinkhoswe. Mwana wanga wamkazi, yekhayo amene ndili naye, anapeza mnyamata wa konkuno ku Kenya, wa ku Kangemi. Ine ndakhala mumzinda uno zaka zambiri ndikugwira ntchito kubungwe lina la mipingo loona za zipatala, ndipo mwanayo anakulira muno, Chiswahili chake n'chosalala kuposa Chichewa. Akuchimuna anachita miyambo ya kwawo, ife tinatsatira bwinobwino. Kenako ndinawauza kuti ifenso tili ndi yathu: mwana wamkazi saperekedwa ndi mayi ake, amaperekedwa ndi amalume ake. Bambo ake anatisiya kale, ndipo ngakhale akanakhalapo mpando umenewo sukanakhala wawo. Mlongo wanga wamwamuna ndi mmodzi yekha. Popanda iwo panalibe chinkhoswe.

Nditawaimbira foni kuti ndikufuna kuwagulira tikiti ya ndege, anaseka mpaka kutsokomola.

"Achemwali, zouluka ine ndinasiyira akhwangwala."

"Ndiye mukwere basi."

"Basi imandithyola msana. Ndibwera pa njinga."

Ndinaganiza kuti ndi nthabwala zawo za masiku onse. Ndinaiwala kuti ndikulankhula ndi munthu amene anagwira ntchito yolondera nyama m'nkhalango ya boma mpaka kupuma, woyenda pansi tsiku lonse botolo la madzi lili m'chiuno. Chipumireni pantchito, njinga ndiyo inakhala miyendo yawo: kumunda, kutchalitchi, kumaliro a kutali kumene anzawo amadikira matola. Ndinakalipa, ndinanyengerera, ndinatuma abusa a kwathu kuti akawalankhule. Abusawo anabwerako atagwa m'chikondi ndi ulendowo, mpaka anaipempherera njingayo.

Ananyamuka kudakali nthawi yambiri, kuti asachite kuthamanga. Foni yawo yaing'ono ija inkalira apo ndi apo, akapeza poitchaja. Anaimba ali ku Karonga. Anaimbanso atawoloka Songwe, akukankha njinga pachitunda chosatha pakati pa nthochi ndi minda ya tiyi, akupuma ngati mvukuto koma akuseka. Kenako Mbeya, kenako Iringa. Ine ndinkatsegula mapu pafoni ndili mu ofesi, n'kumatsata msewuwo ndi chala. Chala changa chinkatopa, iwo ayi. Anzanga akuntchito anayamba kundipatsa moni wofunsa kuti lero mzee, kutanthauza mdala, wafika pati.

Ali chakufupi ndi Dodoma ndi pamene alamu anga, akazi awo, anandiimbira mawu ali pansipansi.

"Alamu, ndimasesa kuchipinda. Mfuti ija palibe."

Inali mfuti yosakira nyama, ya mpope umodzi, imene anagula atapuma pantchito kuti aziopsezera nguluwe ndi anyani kumunda. Chiphaso chake anali nacho, ndipo ankachisamala ngati khadi la ubatizo. Ndinawaimbira nthawi yomweyo.

"Achimwene, mfuti ili kuti?"

"Ili pompano. Ikupereka moni."

"Mwawoloka nayo malire?"

"Palibe anandifunsa. Anandifunsa zaka zanga, n'kundijambula chithunzi. Ndipotu chiphaso ndili nacho."

"Chiphaso cha ku Malawi! Kuno si ku Malawi! Kuno munthu akapezeka ndi mfuti yopanda chilolezo cha dziko lino amakaseweza zaka kundende. Itayeni mumtsinje!"

"Mfuti sataya, achemwali. Angaitole mwana."

Pamenepo ananena zoona, ndipo zinandikwiyitsa kwambiri chifukwa zinali zoona. Ndinawachonderera kuti akaipereke kupolisi iliyonse imene angaipeze m'njira. Anati aganiza. Ndikuwadziwa achimwene anga: akati aganiza ndiye kuti nkhani yatha. Ndiye ndinakonza zanga. Ndinawauza kuti akafika ku Kitengela, kunja kwa mzinda, aime andiimbire. Ndikanapita ndi galimoto, n'kuika chinthucho kumbuyo, n'kupita nacho kwa loya wina wa kutchalitchi kwathu kuti atiuze kaperekedwe kake kwa aboma. Anavomera mwaulemu kwambiri, ulemu umene unayenera kundichenjeza.

Sanaime ku Kitengela. Anadzanena pambuyo pake kuti anafikapo m'mawa, miyendo ikadali yotentha, ndipo anaona kuti n'kupanda nzeru kuvutitsa munthu ndi galimoto pamene patsala pokhapokha. Anafunsa njira kwa anyamata a njinga zamoto, n'kulowa mumsewu waukulu wodutsa m'mphepete mwa nkhalango ya nyama. Loweruka limenelo ndinali m'nyumba ndikusita, foni ili pambali kudikira Kitengela, pamene mlonda wa pageti la malo athu anaimba kuti kuli mzee wina wa njinga akundifuna.

Ndinatuluka ndi patapata, kuthamanga monga timachitira kwathu pokalandira katundu wa mlendo. Nyumba yanga ili chakumapeto, ndiye pali kamtunda. Nditakhota pakona ndinawaona, ndipo ndinaima pomwepo.

Anali atatha thupi, atada bii ndi dzuwa, buluku atalipisa m'sokosi, chipewa chitasuluka mtundu. Njinga inali yofiira ndi fumbi la mayiko atatu. Pakaliyala panali chikwama ndi kapoto, ndipo m'mbali mwa felemu munali mtolo wautali wokulungidwa m'chitenje, womangidwa ndi malegeni. Koma kaimidwe kanali komwe kaja, msana uli njo. Ndinkayang'ana mawondo awo, mawondo wamba a munthu wokalamba, n'kumalephera kumvetsa kuti ndi omwewo akwera mapiri onse aja. Ndinachita mantha a mtundu umene umandigwira m'tchalitchi nyimbo ikakoma kwambiri. Ndinafuna kugwada pamsewu pomwepo.

Nthawi imene ndinataya ndikudabwa ndi imene inatipweteka. Achimwene anali atamufunsa kale mlonda uja, m'Chiswahili chawo chotola m'njira, ngati iye ndiye woyang'anira khomo limeneli. Mlondayo anavomera. Ndiye iwo anayedzamiritsa njinga kukhoma, n'kuyamba kumasula malegeni aja, limodzilimodzi, mosapupuluma.

Kwathu munthu salowa pakhomo pa eni ake ndi chida m'manja. Kaya ndi mkondo, kaya nkhwangwa, kaya chibonga, umachisiya panja poonekera, kapena kuchipereka kwa mwini khomo kuti akusungire, kenako n'kuodira. Kulowa nacho chobisa ndi khalidwe la munthu wa chiwembu. Bambo athu anatiphunzitsa zimenezi ndi mkwapulo. Ine ndinaziiwala chifukwa sindinayendepo ndi chida, koma achimwene sanaziiwale. Malire a dziko kwa iwo anali msewu chabe. Geti la kumene kukukhala mlongo wawo linali khomo.

Ndinakuwa kuti asiye, koma mawu anga anamira m'phokoso la ndege yaing'ono imene inkatera pabwalo lapafupi. Anatambasula chitenje chija pansi. Anaithyola mfuti pakati kuti aliyense aone kuti mulibe chipolopolo, n'kuigoneka mpope utaloza kukhoma. Pambali pake anaikapo kachitini ka zipolopolo. Kenako anavula chipewa, ananjuta, n'kuomba m'manja.

"Hodi. Nina bunduki," anatero, kumuuza mlondayo kuti ali ndi mfuti.

Nairobi ndi mzinda umene unaonapo zoopsa, ndipo anthu ake saseka akaona mfuti. Mlondayo anali ndi kandodo basi. Analumphira m'kanyumba kake n'kudina belu la ngozi. Mayi wina amene ankatuluka ndi galimoto anabwerera chafutambuyo mpaka kugunda mtengo wa maluwa. Mageti a nyumba anayamba kumenyetsedwa. Ine ndinafika ndikupuma mwabefu, ndikufotokoza m'Chingerezi, m'Chiswahili ndi m'Chichewa nthawi imodzi, ndipo palibe anandimva. Achimwene anali chinjutire, chipewa chili pabondo, akudikira kuti wina awayankhe odi wawo.

Apolisi sanachedwe. Anatsika galimoto isanaimitsitse, mfuti zawo zitaloza kwa achimwene, akukuwa kuti agone pansi. Apa ndi pamene ndinadziwa kuti munthuyu angafere pamaso panga, atapulumuka msewu wonse uja. Wapolisi mmodzi anali wamng'ono kwambiri, ndipo ndinkaona mpope wa mfuti yake ukugwedera. Achimwene nawonso anauona. Anatambasula manja pang'onopang'ono, zala zili tambalala, n'kugona chafufumimba m'fumbi, mosathamanga ngakhale pang'ono. Pambuyo pake anandiuza kuti munthu wamantha wogwira mfuti umamuchitira monga umachitira njati: sudzidzimutsa. Apolisi anawamanga unyolo, n'kukweza iwo, mfuti ndi njinga yomwe m'galimoto. Moni sitinapatsane.

Loya uja anabwera kupolisi masana omwewo. Sanandinamize. Anati lamulo la dziko lino pa nkhani ya mfuti ndi lolimba, ndipo zikavuta achimwene akhoza kukakalambira kundende. Chowathandiza chinali chimodzi: anaionetsa okha, poyera, asanafunsidwe. Chinkhoswe chinali Loweruka lotsatira. Holo tinali titalipira, akuchimuna anali ataitana abale awo ochokera kumudzi, ndipo nkhoswe yathu inali m'chitokosi, lamba ndi zingwe za nsapato atailanda.

Tsiku lotsatira, titaweruka kutchalitchi, ndinawapititsira chakudya. Anawatulutsa kuti tikhale pabenchi ya m'khonde, wapolisi ali pambali. Ndinali nditakonza mawu ambiri, akuthwa okhaokha.

"Safunsa anadya phula, achimwene. Mukanandifunsa."

"Ndinalakwa kuonetsa?"

"Munalakwa kunyamula!"

Anatafuna n'kumeza. Kenako anati sakumvetsa, chifukwa m'njira monse ankachita chimodzimodzi ndipo palibe anadina belu. Pamudzi wina kupitirira Iringa anagona kwa mphunzitsi wa mpingo, amene anailandira mfutiyo n'kukaitsekera m'kachipinda kosungira mikanjo, m'mawa n'kuwabwezera pamodzi ndi mbatata yootcha. Chakufupi ndi malire a Kenya anapempha malo kwa Amasai. Mkulu wa pamenepo anaiyang'ana, anagwedeza mutu, n'kuiimika pakhomo la mpanda wa minga pafupi ndi mkondo wake, ndipo zida ziwirizo zinagona panja limodzi. Anati anthu amenewo sankamvana nawo chinenero, koma pa nkhani ya khomo anamvana msanga.

Wapolisi uja anafunsa kuti mzee akuti chiyani, ndiye ndinayamba kumasulira. Posakhalitsa anabwera wachiwiri, kenako mayi wa pakauntala anasiya cholembera. Achimwene akaona anthu omvetsera amatsitsimuka. Anafotokoza za dera la malambe okhaokha, kumene anapalasa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka osakumana ndi munthu. Anafotokoza za m'mawa wina mitambo itang'ambika, pamene anaona phiri lovala chipewa choyera litaima lokha kumwamba, tsinde lake losaoneka. Anati anatsika panjinga n'kuvula chipewa chawo, chifukwa sanadziwe china choti achite. Ndipo anafotokoza za njovu, kupitirira Babati, zimene zinatulukira m'tchire n'kuyamba kuwoloka msewu iwo ali pakati, zina kutsogolo zina kumbuyo. Anangoima, phazi limodzi pansi. Yaikazi yaikulu inatembenuka, inatambasula makutu, inawanunkhiza ndi chitamba chili m'mwamba kwa nthawi imene iwo anaiona ngati chaka, kenako inatsatira zinzake. Anati ankamva m'mimba mwa njovuyo mukulira.

Ine ndinkamasulira mawu akundithawa. Ndinakulira nyumba imodzi ndi munthu ameneyu, ndinkamubera chimanga chake chootcha, koma pabenchi paja ndinkamuyang'ana ngati ndamuona koyamba.

Wapolisi wamng'ono uja, yemwe mfuti yake inkagwedera dzulo lake, anafunsa chifukwa chake sanaombere m'mwamba kuti njovuzo zithawe. Achimwene anaseka.

"Muuzeni kuti njovu siombedwa ndi kamfuti ka anyani. Komanso inu munaona nokha mmene ndinaimangira. Akanabwera wachifwamba, ndikanachita kumupempha kuti akhale pansi adikire ndimasule malegeni."

Apolisi anaseka mpaka kugwirana mapewa. Ine sindinaseke.

"Ndiye munainyamuliranji, achimwene? Chinthu choti simukanatha n'kuchigwiritsa ntchito chomwe?"

Anayankha motsitsa, ndipo izi sindinamasulire.

"Ndimaopa, achemwali. Musaone ngati sindimaopa. Ndimati ndikafera m'tchire la eni, mwana uja aperekedwa ndi ndani? Ndikamapalasa, bondo limagunda mtolo uja, ndiye ndimamva ngati tili awiri."

Sindinawamvepo achimwene akunena kuti akuopa, ngakhale pa maliro a amayi. Mawu anga akuthwa aja anathera pomwepo.

Lolemba anakaonekera kukhothi, ndipo nkhani inaimitsidwa kuti aboma afufuze ngati mfutiyo sinapalamulepo kanthu. Belo inavuta chifukwa anali mlendo wopanda khomo lake m'dziko lino. Madzulo ake ndinayenera kuchita chinthu chimene ndinkachiopa: kuwauza akuchimuna. Ndinaganiza kuti athawa. Ndani angafune kukwatira kubanja limene amalume ake amafika ndi mfuti?

M'mawa mwake kupolisi kunabwera bambo wina wamfupi, wovala jekete la ntchito, atapempha tchuthi kufakitale ya ku Industrial Area kumene amayendetsa lole. Anali amalume ake a mnyamata uja, amene anasankhidwa kukhala nkhoswe ya kuchimuna. Anati iye msewu wa ku Namanga, kumalire ndi Tanzania, amaudziwa, amauyenda ndi lole ndipo amafika atatopa, ndiye akufuna aone ndi maso ake munthu amene wauyenda ndi miyendo. Atawatulutsa achimwene, bamboyo anawagwira dzanja ndi manja awiri osalitaya. Ankhoswe awiriwo anadziwana choncho, m'khonde la polisi, wina atagwira buluku kuti lisagwe. Bamboyo anauza loya kuti ngati pakufunika nzika ya dziko lino yoti iwaimire, iye alipo, ndipo abale ake enanso alipo. Ngakhale zinali choncho, achimwene anakhalabe m'chitokosi kudikira tsiku la kukhothi.

Masiku otsatirawo sindikuwakumbuka bwino. Ndinkayenda pakati pa polisi, ofesi ya loya ndi telala amene ankasoka zovala za chinkhoswe chimene mwina sichikanachitika. Mwana wanga ankalira, n'kumati tingopempha bambo wina aliyense wa ku Malawi wa kutchalitchi kuti aimirire. Ndinakana. Nkhoswe sabwereka ngati mpando. Ndi munthu amene banja likadzagwedezeka zaka za m'tsogolo adzadzuke n'kupita, ndipo wathu anali ataonetsa kale kuti amapita.

Anatiitananso kukhothi Lachisanu. Loya anaonetsa chiphaso cha ku Malawi, zidindo za m'pasipoti, ndi umboni wa mlonda wa pageti uja, amene ananena mosabisa kuti mzee anaigoneka yekha mfutiyo pansi n'kuomba m'manja. Woimira boma ananena kuti kafukufuku sanapeze mlandu wina uliwonse. Woweruza anali mayi wa magalasi, wosaseka. Anafunsa kuti woimbidwa mlanduyu analowa bwanji m'dziko. Atauzidwa, anavula magalasi n'kufunsanso kuti atsimikize kuti wamva bwino. Anawayang'ana achimwene. Kenako anawadzudzula kolimba, kuti mwambo wa kwawo ndi wabwino koma suposa lamulo la dziko la eni, ndipo kuti akanatha kuphedwa pageti paja. Analamula kuti mfuti ndi zipolopolo zikhale za boma, osabwezedwanso, ndipo iwo amasulidwe.

Ndinawamasulira. Pa za mfutiyo anangogwedeza mutu kamodzi. Anafunsa ngati njinga yawo iwabwerere, ndipo atamva kuti inde, anawerama kuthokoza.

Tinatuluka panja dzuwa lili pamutu. Pakhomo la khothilo pali masitepe ochepa otsikira kumsewu. Achimwene anaponda loyamba, n'kuima. Miyendo imene inawoloka mayiko inakana kutsika masitepe amenewo. Anandigwira paphewa, kulemera kwawo konse kunabwera pa ine, ndipo ndinadabwa ndi kupepuka kwawo.

"Lero ndi Lachingati?" anafunsa.

"Lachisanu, achimwene."

"Ndiye sindinachedwe."

"Simunachedwe."

Anakhala pansi pa sitepe pomwepo, anthu akutilambalala, n'kuphimba nkhope ndi chipewa. Mapewa awo ankagwedezeka. Bambo wa lole uja anaima patsogolo pawo n'kutembenukira kumsewu, kuti odutsa asawaone.

Mawa lake, pabwalo la holo ya tchalitchi, akuchimuna anabwera ndi tambala monga tinawalangizira, ife tili ndi msoti wathu. Woyendetsa mwambo atafunsa kuti mwini mbumba ali kuti, achimwene anaimirira. Mwana wanga anawagwadira. Iwo anamuyang'ana, anayang'ana mnyamata uja, n'kulankhula m'Chichewa mokweza, ine ndikumasulira.

"Mwanayu ndi wanga. Ndabwera ndekha kudzamupereka. Akadzakuvutani musadzamutaye panjira, mudzandiitane. Njira ndaidziwa."